Maliro Osandutsidwa Chikondwerero: Kuunika Chimbale cha Pictures at an Exhibition

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku Britain kunabuka chamba cha nyimbo chotchedwa progressive rock. Oimba a chambachi sankakhutira ndi nyimbo zazifupi za mphindi zitatu zovinira pa dansi. Ena mwa iwo anayamba kutenga nyimbo za akatswiri akale a ku Ulaya, zopekedwera piyano kapena orchestra, n'kumaziimba ndi gitala, ng'oma ndi malimba amagetsi. Amene anatchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi Keith Emerson, yemwe mu 1970 anayambitsa gulu la Emerson, Lake & Palmer pamodzi ndi Greg Lake ndi Carl Palmer. Nkhani ino ikuunika chimbale chawo cha Pictures at an Exhibition pofuna kuyankha funso limene omasulira mabuku amalidziwa bwino: kodi munthu wotenga ntchito ya mnzake n'kuiveka chovala china ali ndi ngongole yanji kwa mwini wake?

Nyimbo imene gululi linatenga inapekedwa ndi Modest Mussorgsky wa ku Russia mu 1874. Mnzake wapamtima, Viktor Hartmann, yemwe anali wojambula zithunzi komanso mapulani a nyumba, anamwalira mwadzidzidzi mu 1873 ali ndi zaka 39. Kumayambiriro kwa chaka chotsatira anzake anakonza chionetsero cha ntchito zake mumzinda wa Saint Petersburg. Mussorgsky atachiona, anapeka nyimbo ya piyano ya magawo 10, gawo lililonse lotengedwa pa chithunzi cha malemuyo. Ntchitoyi anaimaliza m'milungu pafupifupi itatu, ndipo sinasindikizidwe mpaka mu 1886, iye atamwalira kale.

Chimene chimalumikiza magawowa ndi kanyimbo kotchedwa Promenade, koimira munthu woyenda kuchoka pa chithunzi china kupita pa china. Kugunda kwake kumasinthasintha pakati pa zisanu ndi zisanu ndi chimodzi, moti kamamveka ngati mayendedwe a munthu wolemera thupi amene sakuthamangira kulikonse. Kanyimboka kamasintha nthawi iliyonse kakabweranso, malingana ndi zimene woyendayo waona. Pa gawo la Catacombs, lotengedwa pa chithunzi cha manda apansi pa mzinda wa Paris m'mene Hartmann anadzijambulamo yekha, kanyimboka kamabwera monong'ona ndi monjenjemera, ngati kuti wamoyo uja walowa m'chithunzi kukacheza ndi wakufayo. Gawo lomaliza likuimira chipata chachikulu cha mzinda wa Kiev chimene Hartmann anajambula koma sichinamangidwe. Choncho mabelu ndi mawu amphamvu a kumapetoko ndi njira ya Mussorgsky yomangira mnzake chipata chimene dziko silinamumangire. Mtima wa nyimbo yonseyi ndi maliro.

Kusintha nyimbo ya wina si mlandu pakokha, ndipo nyimbo iyi ndi umboni wake. Anthu ambiri amaidziwa kudzera mwa Maurice Ravel wa ku France, amene mu 1922 anaikonzanso kuti iziimbidwa ndi orchestra. Ravel anapatsa lipenga kanyimbo kotsegulira, ndipo gawo la The Old Castle anapatsa saxophone. Anasalaza malo ambiri amene pa piyano ya Mussorgsky amamveka okakala. Motero Emerson ndi anzake sanali oyamba kuigwira nyimboyi, ndipo amene amawadzudzula chifukwa chongoigwira ayenera kuyamba adzudzula Ravel.

Gululi linaimba nyimboyi pa chikondwerero cha Isle of Wight mu Ogasiti 1970, pomwe linatsiriza ndi kuwomba mizinga. Chimbale chenichenicho chinajambulidwa pamaso pa anthu mu Newcastle City Hall pa 26 Malichi 1971, n'kutuluka mu Novembala chaka chomwecho. Pa magawo 10 a Mussorgsky gululi linatengapo anayi okha: The Gnome, The Old Castle, gawo la Baba Yaga ndi la chipata cha Kiev, kuphatikizapo Promenade. Malo otsalawo linadzazamo nyimbo zakezake.

Pali malo amene ntchitoyi inayenda bwino, ndipo n'kulakwa kuwabisa. Emerson amatsegula ndi Promenade pa limba lalikulu la mapaipi la m'holoyo, popanda chokometsera chilichonse, ndipo ulemu wa kanyimboka umamveka wonse. Gawo la The Gnome, lonena za kachilombo kopotoka miyendo, Mussorgsky analipeka modukizadukiza: mawu amathamanga, kuima mwadzidzidzi, kenako kugwa. Ng'oma za Palmer ndi gitala ya besi ya Lake zimagwira kudukizaku molondola, ndipo mawu osokosera a makina a Moog amabweza kuipa kumene Ravel anasalaza. Chimodzimodzinso gawo la Baba Yaga, mfiti ya m'nthano za ku Russia yokhala m'kanyumba koima pa miyendo ya nkhuku. Apa Mussorgsky ankafuna kuti piyano imenyedwe ngati ng'oma, ndipo gulu la rock lili ndi zida zoyenera ntchito yotere. M'magawo awiriwa anthu atatu aja anafika pafupi ndi nkhanza ya nyimbo yoyambirira kuposa mmene ma orchestra ambiri amafikira.

Vuto likuonekera pa zimene anasiya. Gawo la Catacombs mulibe m'chimbalechi, ndipo pamodzi nalo munachoka Hartmann. Gawo la The Old Castle, lomwe kwa Mussorgsky ndi nyimbo yachisoni yoyenda pang'onopang'ono, linasanduka mpata woti Emerson aonetse zimene makina a Moog angachite, n'kulowa mu Blues Variation, momwe limba la Hammond limathamanga mokondwa. Luso lake ndi losakayikitsa, koma silikuuza womvera chilichonse chokhudza chithunzicho. Pakati pa malo achete ochepa m'chimbalechi pali The Sage, nyimbo ya Lake yoimbidwa ndi gitala wamba. Ndi yokoma ndithu, koma ndi ya Lake, ndipo ikanatha kukhala m'chimbale china chilichonse osasowa kanthu.

Lake anaikanso mawu pa Promenade ndi pa gawo lomaliza. Mawu a kumapetowo amakamba za moyo ndi imfa, zomwe zikusonyeza kuti gululi linamva kuti nyimboyi ili ndi chinthu cholemera. Komabe imfa imene akukamba ndi ya aliyense, yopanda dzina ndi nkhope, pamene Mussorgsky ankalira munthu mmodzi wodziwika. Popeza womvera sanadutse kumanda kuja, chipata cha Kiev chimafika ngati chipambano chopanda chimene chagonjetsedwa. Ndipo chikangotha, gululi limaimba Nutrocker, kanyimbo kanthabwala ka mu 1962 kotengedwa pa nyimbo ya Tchaikovsky. Zili ngati anthu amene afika pasiwa, n'kuona khamu ndi ng'oma, n'kuganiza kuti pali ukwati.

Oteteza chimbalechi ali ndi mfundo yawo yomveka. Chinagulitsidwa pa mtengo wotsika, chinafika pa nambala 3 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain ndi pa nambala 10 ku America, ndipo achinyamata ambiri anamva dzina la Mussorgsky koyamba kudzera mwa icho. Zimenezi ndi zoona, ndipo ndi phindu lenileni. Koma kutsegulira anthu khomo ndi ntchito ina, kuwauza zoona za zimene zili m'nyumbamo ndi inanso. Womasulira amene wachititsa buku kutchuka atachotsamo mutu umene wolemba analembera buku lonselo amayamikidwa pa choyambacho n'kufunsidwa pa chachiwiricho.

Ntchito zina za gulu lomweli zikuthandiza kuona muyeso woyenera. M'chimbale chawo choyamba cha mu 1970 munali The Barbarian, yotengedwa pa Allegro barbaro ya Béla Bartók, koma poyamba dzina la Bartók silinalembedwe, mpaka banja lake litadandaula. Pamenepo ngongole inali ya dzina, ndipo inabwezedwa mosavuta. Mu 1973 Emerson anatenga gawo lachinayi la nyimbo ya piyano ndi orchestra ya Alberto Ginastera wa ku Argentina, yopekedwa mu 1961, n'kuitcha Toccata. Anapita ku Geneva kukamumvetsera mwini wake, ndipo Ginastera anavomereza mokondwa. Toccata inayenda bwino chifukwa mtima wa nyimbo yoyambirira ndi ukali ndi liwiro, zinthu zimene gululi linali nazo zochuluka. Mu 1977 anatenga Fanfare for the Common Man ya Aaron Copland, nayenso atavomereza, ndipo inafika pa nambala 2 ku Britain. Nyimbo imeneyo inapekedwa mu 1942 kuti imveke pagulu mokweza, motero sinataye kanthu polowa m'mabwalo aakulu a zoimbaimba.

Zikuoneka tsono kuti gululi linkapambana likakumana ndi nyimbo yofanana nalo mtima, ndipo linkaphonya likakumana ndi nyimbo yofuna kuti woimba adzichepetse. Akuluakulu amati nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Emerson, Lake ndi Palmer sanali ausiwa pa luso, ndipo nyimbo zawozawo monga Tarkus zikuchitira umboni. Chimene ankabwereka kwa akale chinali ulemerero, pofuna kusonyeza kuti rock nayo ingathe kusenza zinthu zazikulu. Pa Mussorgsky ulemererowo anautenga, koma chisoni chimene chinaubala anachisiya.

Emerson ndi Lake onse anamwalira mu 2016, ndipo mkangano wakale wakuti rock ndi yoyenera kapena yosayenera kugwira nyimbo zoterezi unazilala. Chimbalechi n'choyenerabe kumvetsera, makamaka chifukwa cha The Gnome ndi Baba Yaga. Koma amene akufuna kudziwa chifukwa chimene nyimboyi inapekedwera ayenera kufunafuna kumene yaimbidwa pa piyano yokha, n'kumvetsera mofatsa gawo la Catacombs limene gululi linadumpha.