Mabokosi Awiri ndi Mphuno ya Mpira

Pa siteji pali mabokosi awiri a matabwa, aja ankalongedzamo tiyi, ndi thabwa lokhomedwa misomali pomwe akolekapo zovala zakutha. Amuna awiri atulukira ali chifuwa pamtunda. M'khosi mwa aliyense mukulendewera kachibenthu ka mpira komangidwa pa lasitiki. Akangokakweza n'kukavala pamphuno, basi wasanduka mzungu: bwana wa pantchito, wapolisi, mwinanso nduna yaikulu ya boma. Akakatsitsa wabwerera kukhala wometa anthu m'mbali mwa msewu, kapena gogo wofufuza chakudya m'mabini. Umu ndi momwe Percy Mtwa ndi Mbongeni Ngema ankachitira sewero la Woza Albert! mu 1981 ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg, ndipo wofuna kudziwa chimene nyumba imeneyi inapatsa luso la zisudzo ayambire pa mphuno ya mpirayo.

Nyumbayo sanamangire zisudzo. Inamangidwa mu 1913 ku Newtown ngati msika, ndipo mbali imene lero muli siteji yaikulu ndi yomwe amwenye ankagulitsiramo zipatso. Msika utasamukira ku City Deep m'zaka za m'ma 1970, chinyumbacho chinatsala bwinja. Mannie Manim ndi Barney Simon, omwe anali ndi kagulu ka zisudzo kotchedwa The Company koma kopanda pokhala, anachitenga, n'kuyamba kuchikonza ndi ndalama zopemphetsa ndi manja awo omwe. Dzina sanalisinthe. Msika unakhalabe msika.

Zitseko anatsegula pa 21 June 1976, patangopita masiku asanu apolisi atawombera ana asukulu ku Soweto. Nanga anayamba ndi sewero lanji? The Seagull la Anton Chekhov, nkhani ya anthu a ku Russia odandaula za chikondi ndi kutchuka m'mbali mwa nyanja. Munthu akhoza kuseka. Utsi uli tolotolo kuseri kwa mzinda, iwo ali kalikiliki ndi mavuto a eni minda a zaka za kale. Komatu izi zikutikumbutsa kuti nyumbayi sinabadwe ili yandale. Chimene inatsimikiza kuyambira tsiku loyamba n'chakuti wakuda ndi woyera akhale pa mpando umodzi ndi kusewera pa siteji imodzi, pa nthawi imene lamulo la tsankho linkalekanitsa anthu ngakhale pa benchi ya pa siteshoni. Thandizo la boma sinalandire. Ndale zinalowa pambuyo, zitavala nkhope za anthu amene khomolo linawalola kulowa.

Simon anali ndi kachitidwe kake. M'malo mobwera ndi sewero lolembalemba n'kugawa mbali, ankatuma osewera kuti apite kumsewu, kukhoti, kokwerera basi, akaone ndi kumvetsera. Akabwerako ankawapanikiza ndi mafunso: munthuyo anaima bwanji, ndalama anazisunga pati, poyankha anayang'ana kuti? Sewero linkamera kuchokera mu zimene abweretsazo. Mtwa ndi Ngema anali atakhwimira kale m'gulu la Gibson Kente, katswiri wa zisudzo za m'makomboni, komwe anaphunzira kuimba, kuvina ndi kusewera ndi thupi lonse kuti wokhala kumbuyo kwa holo asaphonye kanthu. Anali atawerenganso maganizo a Jerzy Grotowski wa ku Poland, wonena kuti zisudzo zikhoza kutaya zonse n'kutsala ndi wosewera ndi woonerera basi. Atagwirizana nawo pa Woza Albert!, Simon anawonjezapo diso. Kusakaniza kwa zitatuzi ndiko kunabala chinthu chimene pamenepo chinali chachilendo.

Taonani momwe umphawi wa zipangizo ukugwirira ntchito. Funso la seweroli ndi limodzi: Yesu, yemwe akumutcha Morena, atabweranso n'kutsikira ku South Africa wa tsankho, zingathe bwanji? Bokosi lija likhala sitima, kenaka lole ya malasha, kenaka helikopita. Phokoso la injini, la makina oumbira njerwa, la gulu la oimba jazi, lonse likutuluka pakamwa ndi pachifuwa pa anthu awiri. Poti maso alibe china choyang'ana, agwera pa msana wothimbirira thukuta, ndipo msana umenewo ndiwo mutu wa nkhani: thupi la munthu wakuda lomwe ntchito yake n'kunyamula, kufola pa mzere ku Albert Street kupempha ntchito, ndi kuonetsa chitupa. Azigogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela sakanafuna womasulira pamenepa.

Mphuno ija nayo si nthabwala chabe. Kwa zaka zambiri azungu ndiwo ankadzipaka zakuda kumaso kuti aseketse anzawo. Apa zatembenuka, ndipo zatembenuka motchipa: uzungu wonse, ndi mfuti zake ndi malamulo ake, wakwanira mu kachibenthu ka mpira kovula ndi chala chimodzi.

Osabisa mawu, nyumbayi inali ndi chilema chake. Inali pakati pa tauni, kutali ndi Soweto, ndipo munthu wofunika chitupa kuti ayende usiku sakanaipeza mophweka. Ambiri mwa ogula matikiti anali azungu omwe ankadana kale ndi tsankho, motero nthawi zina zinkakhala ngati kulalikira otembenuka kale. Masewero akatchuka ankauluka kupita ku London ndi ku New York. Sarafina! ya Ngema, yomwe inayambira pomwepa mu 1987 ndi nyimbo zina za Hugh Masekela, inakafika ku Broadway chaka chotsatira, kenaka n'kukhala filimu mu 1992. Ndi sewero lamphamvu, koma kwa ine linalemera kwambiri moti diso lija la kumsewu linayamba kuphimbika ndi kuwala kwa magetsi. Mkwiyo ukayamba kugulitsidwa kunja umaphunzira kumwetulira.

Tsankho litatha mu 1994 mdani wodziwika uja anachoka, ndipo Simon anamwalira chaka chotsatira. Lero nyumba imene inkakana kudya za boma ikuyendetsedwa ndi ndalama za boma, ndipo holo yaikulu inapatsidwa dzina la wosewera John Kani. Cholowa chenicheni ndikuchiona mu Market Theatre Laboratory, sukulu imene Simon ndi Kani anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 yophunzitsa achinyamata osauka kupanga sewero kuchokera pa zimene aona okha.

Kumapeto kwa Woza Albert! tili kumanda. Morena wauka, ndipo woyang'anira mandawo akumutsogolera kuti adzutse akufa amene analimbana ndi tsankho: Albert Luthuli, Robert Sobukwe, Lilian Ngoyi, Steve Biko. Pa siteji palibe mtumbira ngakhale umodzi, palibe mwala, palibe maluwa. Wosewera akungoloza pansi pomwe kale pankagwera makoko a malalanje, n'kuitana dzina limene boma linkafuna liiwalike, kenaka awiriwo ayamba kuvina.