Za Kubwereza Nyimbo: Cimbale ca Danielle de Niese

Mu 2007 Danielle de Niese, mai wa mau okwera, anaturutsa cimbale ca nyimbo za Handel, zambiri za m'zisudzo, pamodzi ndi gulu la Les Arts Florissants lotsogozedwa ndi William Christie. Zoimbira zao nzamakedzana, za nsambo za matumbo a nkhosa, motero sizimiza mau a woimba.

Nyimbo zotere zimabwerera kuciyambi, ndipo luso la maiyu lioneka pomwepo: sabwereza monga mwana woloweza, koma akometsa ndime mwatsopano, monga acitira amai pamtondo kuno ku Kasungu. Cilema cace ncakuti nthawi zina zokometserazo zicuruka, niziphimba cisoni ca nyimbo. Inu aphunzitsi a mawa, pobwereza nyimbo ndi ana tengerani luso limeneli, koma musunge muyeso. Pakuti mcere ukacuruka, ndiwo zionongeka.