Za Liwu Lakuti Mzungu ndi Buku la Mitsinje ya ku London

Owerenga athu adziwa kuti m'chinenero chathu tikati "ndaona munthu pa njira" sitinenapo za khungu lake, koma akakhala woyera timati "ndaona Mzungu." M'mabuku ambiri a Chingerezi mwambowu uli wotembenuka: woyera ndiye munthu chabe, ndipo wakuda yekha ndiye atchulidwa mtundu wake. Chifukwa chake tiyenera kuliyang'anitsa buku la Ben Aaronovitch, Rivers of London, lotuluka m'chaka cha 2011.

Ili ndi nthano yoseketsa ya mizimu ndi matsenga m'kati mwa mzinda wa London. Wosimba nkhaniyo ndiye Peter Grant, mnyamata wa polisi, amene amake ndi a ku Sierra Leone, ndi atate wake Mzungu woimba jazz. Peter akakomana ndi munthu woyera anena poyera kuti ndi woyera, monga tichitira ife, kotero kuti wowerenga wa ku Ulaya alawako pang'ono kuitanidwa ndi khungu. Tsono mphunzitsi wake wa matsenga, Nightingale, pomuuza kuti mwambo ufuna amutche mbuye, Peter azemba mwa nthabwala, pakuti liwulo limkumbutsa za ukapolo, namutcha ndi dzina la udindo wake wa upolisi. Apa mlembi wachita bwino ndithu: tiseka, koma m'kusekamo tamva kulemera kwa liwu limodzi.

Pa za akazi sindingamuyamike chomwecho. Inde, wapereka chigawo cha kumunsi cha mtsinje wa Thames kwa mayi wa ku Nigeria, amene anadza ku London mu 1957 kudzaphunzira unamwino, nasanduka mzimu wa madziwo, ndi ana ake aakazi ndiwo mitsinje ing'onoing'ono. Ulemu umenewo suli wochepa. Koma maso a Peter athamangira ku thupi la mkazi asanamve mawu ake, ndipo mlembi atiitana kuti tiseke naye pamodzi. Ena ati ndiwo mayang'anidwe a anyamata; kapena nkutero. Nanga Lesley May? Iyeyu apambana Peter pa ntchito ya upolisi, Peter mwini avomera. Koma pa mapeto a buku loyamba mzimu woipa umuwononga nkhope, ndipo m'buku lachinayi, Broken Homes, la 2013, apandukira mnzake nadziphatika kwa mdani, poyembekeza kuti adzambwezera nkhopeyo. Mkazi wanzeru zotere, mlembi sanampezere china chomgwetsa koma nkhope yokha.