Sukulu Yaulere ndi Chilungamo Chogaŵa: Kuŵerenganso Kalata ya 1992 Tili kwa Kalembo

Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Eklezia Katolika m'Malaŵi monse munaŵerengedwa kalata ya Aepiskopi ya nyengo ya Lenti, imene inasindikizidwa ku Balaka pa makina a Ansembe a Montfort. Ambiri amaikumbukira chifukwa inatsegula njira ya zipani zambiri. Koma ndi oŵerengeka amene akumbukira kuti kalatayo inadandaulanso za kuthithikana kwa ana m'makalasi, kupereŵera kwa aphunzitsi ndi mabuku, ndiponso phompho limene linali kukula pakati pa olemera ndi osauka. M'nkhani ino ndifuna kufunsa ngati dandaulo limeneli linayankhidwa, ndipo ndidzayesa yankho lake poyang'ana dera la Mfumu Kalembo, m'boma la Balaka limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998.

Tiyambe ndi muyeso. Aristotle, ndipo pambuyo pake Thomas Aquinas Woyera, anasiyanitsa chilungamo cha pakati pa anthu aŵiri osinthana katundu ndi chilungamo cha iye amene agaŵa chuma cha onse. Chachiŵirichi sichifuna kuti aliyense alandire mofanana, koma molingana. Funso ndi lakuti: molingana ndi chiyani? Aristotle anati ndi kuyenera kwa munthu. Eklezia, pomvera Uthenga Wabwino, amaika patsogolo kusoŵa kwake.

Boma la Dr. Banda linatsata muyeso woyamba. Mu 1981 linatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana ochepa osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigriki kwa aphunzitsi ochokera kunja, pamene unyinji wa ana a kumidzi unkabwezedwa pakhomo la sukulu chifukwa chosoŵa fizi. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu. Koma khomo linatsegulidwa nyumba isanamangidwe, aphunzitsi ambiri analembedwa asanaphunzire ntchito, ndipo amene anali ndi ndalama anayamba kusamutsira ana ao ku sukulu zolipira. Mu 1998 malo ophunzirira mwa makalata anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zambiri zopanda labotale kapena laibulale. Mu 2025 boma linalengeza kuti kuyambira 2026 ku sekondale nakonso sikudzakhala fizi. Tiyamika, koma ulere pawokha sugaŵa chilungamo.

Pa Ulongwe, m'mbali mwa mseu wochoka ku Liwonde kunka ku Mangochi, pali midzi iŵiri m'mudzi umodzi. Mwana wa mwini sitolo aphunzira m'kalasi ya ana ochepa, akhoza bwino mayeso a Sitandade 8, nasankhidwa kupita ku sukulu yogonera ya boma, kumene kuli aphunzitsi a digiri ndi zipangizo za sayansi. Mwana wa mlimi wa thonje, amene ine ndinamuona akulemba pabondo pansi pa mtengo, akachita mwayi apita ku sukulu yoyendera, wapansi, m'mimba muli zii. Patapita zaka 4 onse aŵiri alemba mayeso amodzimodzi a MANEB, ndipo ife tinena kuti wina ndi wanzeru, wina ndi waulesi. Apa pagona cholakwa: ndalama za onse zithiridwa kwambiri pa mwana amene anali nazo kale. Chimene timachitcha kuyenera kaŵirikaŵiri ndi chuma cha makolo chitavala yunifolomu.

Wina adzati dziko losauka liyenera kusula akatswiri ochepa, madokotala ndi mainjiniya, poti silingathe kusula onse. Mawuŵa ali ndi nzeru, ndipo sindipempha kuti sukulu zabwino zigwetsedwe. Ndingoti mpikisano ukhala wolungama pokhapokha othamanga ayambira pa mzere umodzi. Tsono ndalama yoyamba iyenera kupita ku Sitandade 1, kumene mwana aphunzira kuŵerenga.

Abale anga ansembe ndi inu a m'seminale, kalata ya 1992 timakonda kuiŵerenga chala chitaloza ku boma. Tiiŵerengenso chitaloza kwathu. M'dera lino la Ayao ambiri, makolo achisilamu anakhala zaka zambiri akuopa sukulu za mishoni, poganiza kuti ana ao akabatizidwa. Umphaŵi wa maphunziro umene unatsatirapo sitingausambe m'manja kotheratu. Nanga lero parishi ikalandira thandizo, timayamba kukongoletsa sukulu yotchuka kale, kapena kufolera kalasi ya kumudzi yopanda denga? Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa tsiku lomaliza sitidzafunsidwa kuti sukulu zathu zinakhozetsa angati, koma kuti amene anatsala kunja tinawachitira chiyani.