Mfika-msanga, Mlonda wa m'Magazi

Ilire mbalule, uyankhe mpanje! A ku Makululu tcherani khutu, a ku Kasanda ndi ku Chowa, nonse a mu Kabwe, sendererani kuno, titamande mlonda amene madokotala amamutcha neutrophil.

Ndiwe Mwana-wa-m'mafupa, wobadwira m'mafuta a m'kati mwa fupa, mabiliyoni pafupifupi 100 tsiku lililonse mwa munthu wamkulu. Ndiwe Chinamtindi, woposa theka la maselo oyera a m'magazi. Ndiwe Mfika-msanga: mwana akangoponda msomali m'tinjira ta Makululu, iwe uli kale pabala. Ndiwe Mmeza-adani, wosasankha usiku kapena usana. Ndiwe Mtchera-ukonde: mu 2004 akatswiri a ku Berlin anakuona ukutaya ulusi wa DNA yako kuti ukole tizilombo. Ndiwe Mfera-pankhondo, pakuti mafinya a m'chithupsa ndi mitembo ya gulu lako.

Ilirenso mbalule! Ng'oma yoona sibisa mbali ina.

Ndiwenso Sakumva-kuti-yatha. Mdani akapita iwe osabwerera, kutupa kumakhazikika miyezi ndi zaka. Ndiwe Mlasa-abale: pa nyamakazi yotupitsa mfundo umadzazana m'mawondo ndi m'zala, amayi n'kulephera kugwira mthiko. Pa matenda a lupus ukonde wako umatsalira, thupi n'kuyamba kuukira khungu ndi impso zake zomwe. Pa chifuwa chachikulu ukali wako umathandiza kubowola mapapo amene unabwera kudzateteza.

Ilire mwachisoni mbalule, tafika kwathu ku Kabwe. Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994 utakumba mtovu zaka pafupifupi 90, koma fumbi lake likadali m'mabwalo momwe ana amakwawa. Mtovuwo umawononga ubongo wa mwana, umafooketsa impso za wamkulu. Impso zikafooka, uric acid amachuluka, amasanduka timiyala tosongoka ngati singano m'chala chachikulu cha kuphazi. Iwe Mfika-msanga umathamangira komweko, bambo n'kugona osatseka maso ndi ululu wa gout.

Tikutamanda, mlonda, pakuti popanda iwe kabala kakang'ono kangaphe munthu. Koma dziwa polekezera!

Amayi ndi abambo a ku Makululu, mfundo zikatupa masabata angapo musaloze mnansi chala. Pitani kuchipatala akakupimeni. Wazani madzi pabwalo musanasese, ana asambe m'manja asanadye, ndipo kayezetseni magazi awo. Inu aboma, chotsani dothi la mtovu pamakomo pathu.