Abbott ndi Costello Pamaso pa Apongozi

Kanema wa Abbott and Costello Go to Mars, wa 1953, wanama kuyambira pa dzina: zitsiru ziwirizi sizifika ku Mars. Roketi yao imatera ku New Orleans, anthu atavala zinyau za Mardi Gras, izo n'kumayesa ndi zolengedwa zakuthambo. Apa mwana wa ku Chinamwali aseka mpaka misozi popanda womasulira, pakuti kugwa chagada sikulira Chingerezi.

Vuto lili ku Venus, dziko la akazi okhaokha, a mpikisano wa Miss Universe, zovala zolekeza m'ntchafu. Censorship Board ija ya 1968 ikadanola lumo. Ine lumo sindilifuna. Ana sazitengera zimenezo. Manyazi agwira ife akuluakulu, makamaka apongozi akakhala pamphasa yomweyo.