Zala Zofufuza Pochokera Magazi

Wodwala wochokera m'mbali mwa nyanja ya Chiuta akachira pa chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde, abale amayamika magazi amene anamuthira. Zala za dokotala zomwe zinapeza potulukira magaziwo saziganizira n'komwe.

Matumbo aang'ono amatalika pafupifupi mamita 6, atapindana m'mimba, ndipo chubu cha kamera cholowetsa kukamwa sichifika pakati pake. Choncho magazi akamatuluka m'matumbomo, wochita opaleshoni amayambira kumtunda, n'kumadutsitsa thumbolo m'zala pang'onopang'ono, dzanja kupatsira dzanja linzake, ngati msodzi wofufuza pong'ambika pa ukonde. Thumbo ndi lofunda, loterera, ndipo silifuna kufinyidwa mwankhanza. Nsonga za zala zimamvera kachotupa kobisika, maso akuyang'ana pomwe pada ndi magazi. Zikavuta, amachepetsa kuwala m'chipindamo n'kuunika kuseri kwa thumbo kuti timitsempha tionekere.

Wozolowera ntchitoyi amachedwa dala kumapeto, pafupi ndi polumikizira matumbo aakulu, chifukwa zilonda za taifodi zimakonda pamenepo, makamaka m'sabata yachitatu ya matendawa.

Popanda luso limeneli, thumbo labwinobwino likhoza kudulidwa pachabe, kapena mimba n'kusokedwa magazi akadatayika mkati, ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Zomba ukadali patsogolo. Maiko olemera ali ndi kamera yaing'ono yomeza ngati kapisozi. M'zipatala za m'maboma ngati Liwonde ndi Balaka, maopaleshoni ambiri amachitidwa ndi makiliniko ofesala, ndipo manja awowo ngoyenera kuwayamika.